Dzino la Tadala Asaligwire Munthu

Zimitsani tiviyo. Yamikani, ndati zimitsa, sindinati chepetsa. Khalani pansi apa nonse atatu, ndipo amene akufuna kukataya madzi apite pompano, chifukwa ine ndikayamba nkhani sindibwereza. Tadala, iwe khala pafupi ndi ine, lilimelo ulichotse pa waya wa m'kamwamo. Ndikukuona.

Mumanditchula agogo a Rute, ndipo anthu a mu Ndirande muno amaseka akamva, poti ine ndi mayi anu tinkabwerekana madiresi. Si ine ndinakonza zimenezo. Agogo anu enieni, amene agona kuchipindaku, ndi achemwali anga, mwana wachisamba wa mayi athu. Ine ndine mzime. Pamene ndinkabadwa n'kuti iwo atabereka kale mayi anu. Ndiye ugogo unandipeza ndilibe imvi ngakhale imodzi. Palibe kanthu, lero ndiugwiritsa ntchito. Agogo a anzanu amakhazika ana pansi n'kumawauza zakale. Inenso zakale ndili nazo, kungoti zanga si zotsekemera.

Mawa ndibwerera ku ntchito ku Limbe. Ndichoka musanadzuke, ndibwera dzuwa litalowa. Tsiku lonse dzino la Tadala litsala m'nyumba muno ndi inu, ndi agogo anu, ndi chitini chawo cha ulusi. N'chifukwa chake chakudya sichikundilowa. N'chifukwa chake kutchalitchi lero sindinamve ngakhale mutu wa ulaliki.

Yang'anani kuno, pakamwa pangapa. Yang'anitsitsani, lero ndakulolani. Pempho, iwe unandifunsa tsiku lina kuti, agogo, dzino lanu limera liti? Ndinakukalipira mpaka unalira. Lero ndikuyankha. Silimera. Mpata uwu ndidzapita nawo kumanda.

Ine sindinabadwire m'tauni ngati inu. Kwathu ndi kuchigwa, cha ku Makhanga, kumene dzuwa limawotcha mpaka mbuzi zimakana kuchoka pansi pa nkhokwe. Inu mano anu amagweluka ndi mafilizesi ndi maswiti a pa ndodo. Athu ankatsalira mu nzimbe, mu chimanga chokazinga, mu masau ouma. Umangomva kuti khutu, kulavula n'kuona kanthu koyera m'manja. Ukatero unkathamangira kwa mayi ako, osaonetsa munthu aliyense panjira.

Mayi anga, amene inu simunawaone, ankachita chonchi. Ankatola khala pa moto wozima n'kukupatsa m'dzanja limodzi ndi dzinolo. Unkaima kufulatira nyumba, n'kunena kuti, khwangwala iwe, tenga lakudali, undibwezere loyera. Kenako unkaponya chakumbuyo, zonse ziwiri zikagwere pa denga, osacheuka. Ndipo lamulo lalikulu linali lakuti mpaka latsopano litatulukira, usaseke khwangwala akukuona. Akaona mpatawo, basi, sakubweretsera.

Ukuseka chiyani, Yamikani? Iwe amene umakhulupirira zoti kamzimayi ka mapiko kamalowa pa windo kudzatenga dzino pansi pa pilo, poti unaona pa tivi? Windo lake liti, lathuli la zitsulo? Khala chete.

Denga la kwathu linali la udzu. Chimene waponyapo chimakhala pomwepo. Mano anga akutsogolo onse anagwelukira kumeneko, amayi anandiponyetsa okha, ndipo atsopano anamera. Anali akuluakulu, kunsonga kwake manomano ngati sowo. Amayi ankanditchula Namakasu. Ankati ndi mano amenewo sindidzasowa cholimira.

Kenako amayi anadwala n'kumwalira. Maliro atatha, achemwali ananditenga. Masiku amenewo sitima inkafikabe kwathu, inu simungaidziwe. Tinakwera ndi anthu a nsomba zouma ndi nkhuku za m'madengu, ndipo sitimayo inkayenda ngati ikupempha njira, kuima paliponse pamene pali mtengo wa mango. Ndinagonera pa thumba la mpunga la munthu wina. Podzuka n'kuti tili ku Limbe, kukuzizira kumene ndinali ndisanakuonepo, ine ndili ndi kadiresi kamodzi kopyapyala. Achemwali anavula nsalu yawo n'kundifunditsa, iwo n'kumanjenjemera mpaka ku Ndirande. Zimenezo ndimazikumbukiranso. Musaganize kuti ndimangosunga zoipa zokha.

Koma ndinali kamunthu. Malungo ndi njala za kuchigwa zinandifinya, moti ukandiona unkati ndangosiya kumene kuyamwa. Ku sukulu anandibweza ku Sitandade 1 chifukwa cha msinkhu. Achemwali nawonso, poti anachoka kwathu kalekale, ankandiyesa mwana wamng'ono kuposa mmene ndinalili. Mano anga oyamba sanawaone akugweluka. Gwirani pamenepo, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

Nthawi ya dzinja ndinapita kukatunga madzi ku kiyosiki. Inu muli ndi mpopi pakhomo, mumangotsegula n'kuusiya ukutayika. Ife tinkasenza ndowa ya chitsulo, kutsika nayo kamtsetse ka matope kaja kumusi kwa msika. Ndinaterereka. Ndowa inandipeza pakamwa. Nditafika kunyumba ndi magazi, dzino limodzi lakutsogolo linali likugwedera.

Achemwali anati, “Tsegula ndione.”

Ndinatsegula. Analigwira ndi chala n'kuligwedeza.

“Aa, lapsa ili. Tengera ulusi m'chitinimo.”

Ndinati, “Achemwali, limeneli linagweluka kale. Amayi anandiponyetsa kumudzi.”

“Iwe Rute, kamwana ngati iwe ukudziwa chiyani za mano? Ukufuna asanjane ngati a ng'ona? Adzakukwatira ndani?”

Kuti mumvetse, panali mtsikana wina pa mzere wathu amene makolo ake anachita ulesi kumuzula, mano n'kumera mizere iwiri. Azimayi onse ankaloza iyeyo poopseza ana awo. Achemwali ankaopa zimenezo kuposa njoka. Kwa iwo dzino logwedera linali dzino lotsekereza linzake njira, basi.

Dzino la ubwana, likafika nthawi yake, silifuna mphamvu. Kukoka kamodzi latuluka, mwana n'kumaseka. Langa linakana. Ulusi unaduka. Anaupinda pawiri, unadukanso. Anaupinda kanayi n'kuitana alamu anga, malemu agogo anu aamuna, amene anali atangofika kuchokera ku fakitale ku Makata, ovololo ili m'thupi. Iwo anandipana mutu m'khwapa, fungo la girisi lili tho. Achemwali anazengereza ulusi ku dzanja n'kukoka ndi thupi lonse. Ndinamva kulira kwake m'kati mwa mutu, ngati mmene chimalirira chinangwa pochizula pa nthaka youma.

Litatuluka linali ndi muzu wautali kuposa dzino lenilenilo. Inu mwaonapo mano anu akagweluka, kunsi kwake kumakhala kopanda kanthu, ngati njere ya chimanga yofumbwa. Langa ayi. Alamu analiyang'ana n'kunena kuti, “Mayi a Chisomo, limeneli bwanji?” Achemwali anati, “Ndi mano a kuchigwa amenewo, amadya nsomba zambiri.” Anaseka, anandipatsa madzi a mchere, n'kunditulutsa panja kuti ndikaponye.

Ndinafulatira nyumba, ndinanena mawu aja magazi akutuluka, ndinaponya. Koma denga la m'tauni ndi la malata. Ndinangomva ngwe, ngwe, ngwe, likugubuduzika, kenako kugwera mu ngalande kumbuyo kwanga. Ndinalitola n'kuponyanso. Linabweranso. Tsiku lililonse ndikaweruka ku sukulu ndinkalipeza pansi, n'kuliponya. Ndinayesa kulikulunga m'dothi lonyowa kuti limatirire. Ndinayesa kuliponya pa denga la bafa. Ndinkati khwangwala wa m'tauni ndi wokhuta ndi zinyalala za mumsika, alibe nazo ntchito za ana. Mapeto ake kunagwa chimvula usiku wonse, ndipo m'mawa sindinalipezenso. Ndinasangalala. Ndinati latengedwa.

Ndiye ndinayamba kudikira.

Mukudziwa kuchuluka kwa akhwangwala mu Ndirande? Pa mawaya a magetsi, pa dzala, pa denga la kalasi, paliponse. Ndinkayenda dzanja lili pakamwa kuchokera pakhomo mpaka ku sukulu. Mnzanga akanena choseketsa, ndinkayamba ndayang'ana kumwamba. M'mawa uliwonse ndisanadzuke ndinkapititsa lilime pa nkhamapo kufufuza ngati patuluka kanthu kolimba. Dzinja linatha, kunabwera chisanu, kunabwera fumbi, kunabwera mango. Palibe.

Ndikafunsa achemwali ankati, “Unamusekera khwangwala iwe. Ndi mano pamtunda ako aja.” Ndinakhulupirira. Ndinkaba mkute n'kukawaponyera akhwangwala kuseri kwa chimbudzi, kuwapepesa. Anadya mkute wanga wambiri afisi amenewo.

Ku sukulu anzanga onse mipata yawo inatsekeka, wanga wokha unatsala. Anyamata anandipatsa dzina lakuti Golo Yopanda Goloboyi. Ndikaimirira kuti ndiwerenge, mawu ena ankatuluka ndi mluzu, ndipo wina kumbuyo ankakuwa kuti, “Chagoletsedwa!” Kalasi yonse gwedegwede ndi phwete. Ndinasiya kukweza dzanja. Aphunzitsi akandiloza, ndinkangoyang'ana pansi, yankho ndikulidziwa. Ankandikwapula kuti ndine wamwano. Ndinaona kuti chikwapu chimapola msanga kuposa kusekedwa.

Zoona zake ndinazimva ndili Sitandade 6. Aphunzitsi a sayansi anajambula chibwano pa bolodi n'kunena kuti munthu amamera mano kawiri kokha, achiwiriwo akachoka ndiye kuti kwatha. Nditafika kunyumba ndinawauza achemwali. Anali akuchapa. Sanadzutse ndi mutu womwe. Anati, “Za m'mabuku zimenezo. Ena amachedwa.” Mpaka lero sanandiuzepo mawu ena.

Sukulu ndinaisiyira Fomu 1. Sindikunamizani kuti ndi dzino lokha, alamu atamwalira zinthu zinavuta m'nyumba muno. Koma pamene achemwali ankasankha woti apitirize pakati pa ine ndi mayi anu, anasankha amene ankayankha m'kalasi. Inenso ndikanasankha yemweyo. Mayi anu ali ku Joni lero akukutumizirani nsapato, ine ndimanyamula makatoni kuseri kwa shopu. Kutsogolo, kolandira makasitomala, amaikako atsikana omwetulira.

Pempho, usagone. Ndikufika pa iwe.

Chimene mpata uwu unandisiyira ndi khalidwe lofunsa. Aliyense wochokera kutali amene ndagwira naye ntchito, ndimamufunsa kuti kwanu dzino la mwana mumatani nalo. Ndinayamba kwa amwenye ena ogulitsa nsalu ku Limbe. Agogo a m'nyumbamo, mayi wokalamba wosatuluka panja, anandiuza m'Chinyanja chawo chothyokathyoka kuti kwawo nawonso ankaponya pa denga, koma ankapempha kambalame kakang'ono, osati khwangwala. Ndinati bola inu munasankha mbalame yaulemu.

Kumene ndili panopa, kwa Matchaina, abwana aakazi sitimvana bwinobwino, timayankhulana ndi manja. Mwana wawo atagweluka dzino lakumwamba, ndinawaona akulikankhira pansi pa bedi m'kachipinda ka kuseri. Ndinawalozera kudenga. Anapukusa mutu, n'kugwira mano awo akumunsi, kuloza kumwamba. Anagwira akumwamba, kuloza pansi. Ndinamva. Lakumunsi limapita pa denga kuti latsopano limere chokwera, lakumwamba limapita pansi kuti limere chotsika. Ndinati anthu awa anaganizako. Kenako mayiwo analoza pakamwa panga, n'kutambasula manja kufunsa. Ndinawasonyeza kukoka ulusi. Anatseka maso n'kuyamwa mpweya m'mano ngati awapweteka iwowo.

Mayi anu nawo, pa foni paja, munawamva akumuuza Pempho kuti ku Joni ana a abwana awo amaika dzino mu silipasi, mbewa n'kubwera usiku kudzalitenga. Mbewa! Kwathu mbewa ikanabwera kudzatenga dzino, bwenzi itagona mu mphika.

Ndiye mwaona, dziko lonse lili ndi kochitira. Ena mbalame, ena mbewa, ena bedi, azungu pilo. Ine sindidana nazo. Pempho, lako lakumunsilo likugwedera bwino, ndi la ubwana, ndaliona. Likagwa lokha ndidzakutolera khala, tidzaponya, ukafuna tidzaikenso mu silipasi. Koma mwa onse amene ndinawafunsa, palibe ndi mmodzi yemwe amene anandiuza za mbalame yobweretsa dzino kachitatu. Ndinkafunsa dala. Ndinkati mwina kwinakwake kuli. Kulibe.

Tsopano za Lachinayi. Inu munalipo, koma munaona ngati sewero, ndiye ndikuuzani mmene ine ndinaonera.

Ndinatsika minibasi nditatopa, ndikulowa pa geti ndinamva Tadala akulira kulira kwa munthu wotsegula pakamwa. Kulira kumeneko ndimakudziwa. Ndinataya chikwama. Ndinapeza mwana atakhala pa mpando, milomo itatupa chifukwa chogwera pa simenti posewera fulaye, ulusi wakuda uli lende kuchokera pa dzino lakutsogolo. Iwe Yamikani unali utamugwira mutu. Usayang'ane pansi, sindikukuimba mlandu, unatumidwa. Achemwali anali akuzengereza ulusi ku dzanja.

Ndinati, “Siyani.”

Anati, “Wabwera bwino, tagwira miyendoyi, akupalapata.”

“Ndati siyani! Tadala, limeneli linagwelukapo kale?”

Mwana anagwedeza mutu, n'kunena movutika kuti, “Ndawauza.”

Wawauza. Mwamva? Nayenso anawauza.

Achemwali anati, “Aa, kamwana aka? Kakuopa kuwawa basi. Taona msinkhu wake.”

Sindikumbuka kuti sizasi ndinaitenga bwanji. Ndinangoona ulusi waduka, mwana ali kumbuyo kwanga. Achemwali anaimirira, nsalu ikugwa.

“Iwe Rute, m'nyumba mwanga? Ndalera ana angati ine? Iwe wabereka ndani?”

“Sindinabereke, koma ndinazulidwa.”

“Asanjane mano mwanayu, udzamuyankha ndiwe mayi wake?”

“Ndidzamuyankha. Inu munandiyankha?”

Pamenepo anangolowa kuchipinda. Mawu amenewo sindiwabweza.

Tadala, dzino lako loyamba pamalo amenewo linagweluka muli ku Machinjiri, mayi ako asanapite ku Joni, musanabwere kudzakhala kuno. Agogo ako sanalione. Ndipo iwe watengera ine, ndiwe kamunthu. Koma taonani nonse, Tadala tayasamula pang'ono, pang'ono pokha. Mukuona kukula kwake poyerekeza ndi ang'onoang'ono a m'mbaliwo? Mukuona kunsonga manomano? Mukuona kuti si loyera mbee ngati a Pempho? Limenelo ndi lomaliza. Kumbuyo kwake kulibe lina. Tseka.

Tinawaimbira mayi anu madzulo omwewo. Anavomera kuti inde linagweluka kale. Agogo anu analanda foni n'kunena kuti, “Iwe Chisomo, uli ku Joni, ukuliona pa foni? Mwina linali la pambali.” Mayi anu anayamba kulira, akuti chonde musakangane, ndili kutali. Ndi mmene alili mayi anu, kwa mayi awo sangalimbe.

Kutacha sindinapite ku ntchito. Ndinamukweza Tadala minibasi, ndinamukhazika pamiyendo, dzanja langa lili pa chipumi chake kuti galimoto ikagwa m'dzenje asamenyetse pakamwa pa mpando. Kondakitala anati, “Asisi, mwanayo ndi dzira?” Ndinati, “Ndi dzira, uuze dalaivala wako.” Tinatsika pa Ginnery Corner n'kuyenda mpaka ku chipatala, mbali ya mano. Pa benchi panali anthu omanga mipango m'masaya, akubuula. Bambo wina anandiuza kuti, “Kuno ukalowa ndi dzino sutuluka nalo.” Ndinatsala pang'ono kubwerera. Ndinati kodi ndalanditsa mwana ku ulusi kuti ndikamupereke ku pulayala?

Adokotala ake anali mayi wachitsikana, mwina msinkhu wanga. Anayang'ana, anajambula, anayang'ananso.

Anati, “Mwachita bwino osalizula. Ili ndi lachiwiri.”

Ndinati, “Likhala?”

“Sindikulonjezani, mayi. Muzu sunathyoke, chimenecho ndiye chabwino. Ndilimangirira kwa anzake ndi kawaya. Likapanda kugwedezedwa, kawirikawiri limagwiranso. Likayamba kuda, kapena nkhama zikatupa, mubwere msanga. Koma asaligwire munthu.”

Atamaliza anandiyang'ana pakamwa n'kunena kuti, “Nanga inuyo?” Ndinati, “Ine ndangoperekeza wodwala.”

Ndinaganiza kuti tikafika ndi waya nkhani yatha. Agogo anu anangoyang'ana chapatali n'kunena kuti, “Waya m'kamwa mwa mwana ngati khola la nkhuku. Lapansilo litulukira pati?” Ndipo dzulo, ndikuyanika zovala kuseri, ndinawamva akuuza mayi a pa nyumba yoyandikana nayo kuti, “Musiyeni, Lolemba apita ku ntchito.” Mwina ankanena zina. Mwina ankanena zoti apumula kukangana. Koma ine kuyambira pamenepo mtima sunakhale pansi. Chitini ndinachibisa, anachipeza. Ndipo ulusi ukasowa m'nyumba, umapezeka pa mpendero wa nsalu iliyonse.

Musawade agogo anu. Amadzuka kusanache kukuphikirani phala, ndipo Tadala akatentha thupi ndi iwo amene sagona. Akadzakoka ulusi umenewo adzakoka chifukwa chomukonda. Chondiopsa ine n'chimenecho. Munthu wankhanza umatha kumuopseza. Wachikondi amadikira uchoke.

Ndiye mverani ntchito zanu.

Yamikani, ndiwe wamkulu, ngakhale nzeru zako zili m'mapazi. Popita ndi pobwera ku sukulu uziyenda naye. Fulaye ayi, jingo ayi. Wina akamupatsa nzimbe kapena chimanga chowotcha, ulande udye ndiwe, pamenepo ndiye sindikukayikira. Ukaona agogo atenga ulusi n'kumuitana Tadala, usalimbane nawo, usawatukwane, ndi agogo ako. Uthamangire ku shopu ya pa kona, ukapemphe foni undifulashe. Nambala yanga umaidziwa, umaiimba ukafuna zigege. Ine ndikaona ndisiya makatoni pomwepo, andichotse ntchito akafuna. Kungoti kuchokera ku Limbe, kudutsa pa Chichiri ndi mmene magalimoto amathinanirana, pofika kuno dzino likhoza kukhala lili kale pa denga.

N'chifukwa chake pali iwe, Pempho, mwamuna wanga wopanda ndevu. Iwe ntchito yako ndi kukuwa. Uja umakuwa akakusambitsa ndi madzi ozizira, ukuwe kuposa pamenepo. Utuluke panja uzikuwa kuti, adokotala anakana! Adokotala anakana! Agogo ako amaopa manyazi a anthu a pa mzere kuposa mmene amaopera ine. Tayesa. Ayi, osati pano, chitsiru, uwadzutsa.

Tadala. Tandiyang'ana. Ine ndakhala moyo wanga wonse ndikudana ndi kutseka pakamwa, koma lero ndikukuuza kuti utseke. Akati tsegula ndione, iwe luma milomo, ugone chafufumimba. Akakunyengerera ndi sobo, ukane. Akakuuza kuti mano asanjana, sudzakwatiwa, uwasiye anene. Koma kutseka kumeneku ndi kwa ulusi wokha. Ku sukulu akakuseka ndi wayayo, useke nawo, ukweze dzanja, uyankhe. Ndikadzamva kuti wayamba kuyang'ana pansi m'kalasi, udzaona mbali yanga ina.

Usalire, ukalira lilime limapita pomwepo. Ndati usalire.

Taimani. Katani ya kuchipinda yagwedezeka.

Achemwali, ndikudziwa kuti simunagone. Munasiya kuliza mkonono ndili pa nkhani ya sitima ija. Tulukani, nkhaniyi sindimanong'ona.

Khalani pomwepo, ana inu. Yamikani, apatse mpando agogo ako.

Mwati chiyani, achemwali? Mukufuna mumuone?

Tadala, usandifinye mkono choncho. Dikira. Achemwali, m'manjamo muli chiyani? Tambasulani. Dzanja linalo. Chabwino, ndi magalasi. Valani, mwina ndi amene anasowa Lachinayi.

Mumuona, koma manja kumbuyo. Inde, ndikunena inuyo, mayi wa Mvano, pamaso pa adzukulu anu. Mundinene mwano kutchalitchi konse, ndavomera. Manja kumbuyo, ngati mwana wa sukulu pa mzere. Mukangosuntha chala ndimunyamula mwanayu, tikagona pa benchi ya chipatala mpaka waya adzachoke.

Ana inu, taonani. Aika manja kumbuyo.

Pita, Tadala. Ndakugwira diresi, sindikusiya. Imira cha kuwindo kuti kuwale. Yasamula.

Yang'anani bwinobwino, achemwali, musafulumire. Yerekezani ndi a m'mbaliwo. Onani kunsongako.

Pempho, khala chete, agogo ako akuyang'ana.

Mwati bwanji? Kwezani mawu, anawa amve, ndi amene atsale nanu mawa.

Mwawamva? Akuti, “Ndi lalikuludi.” Akutinso, “Koma wayayu sachita dzimbiri?”

Sachita, achemwali. Ndinafunsa.

Ayi, kwa ine musayang'ane, palibe choti muone, munachedwa. Yang'anani kwa mwanayo. Phala lake likhale lamadzimadzi, lozizira, ndipo muzimupatsa ndi sipuni yaing'ono, cha m'mbali. Mukufuna muphike ndinu? Phikani.

Yamikani, Pempho, ntchito zanu zija sizinathe, mwamva? Anena ndi pakamwa, ndamva, koma chitinicho mawa ndipita nacho ku Limbe.